Tinaledzera Osalawa Mowa

Pa gulu lathu lowerengera limodzi tilipo asanu, tonse a chaka chachitatu cha unamwino. Tinapangana kuti m'nkhani ino sititchula amene analakwitsa, chifukwa titakhala pansi n'kuiunguza bwino tinaona kuti aliyense wa ife akanatha kuchita zomwezo. Choncho tizingoti "ife", mlanduwo tiusenze tonse.

Unali usiku wa Lachiwiri, mu wodi ya amayi pa chipatala china chimene anatitumiza kukaphunzira ntchito. Awiri mwa ife tinali a usiku. Masana a tsikulo timayenera kugona, koma mayeso a phunziro la mankhwala anali atatsala masiku 6, ndiye tinakhalira mabuku kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka nthawi yovala yunifolomu. Itakwana 2 koloko usiku anatiuza kuti tiike dripi kwa mayi ena achikulire amene mtima wawo unali wofooka. Botolo la mamililita 500 limayenera kuyenda maola 8. Masamu ake ndi a chaka choyamba. Kachubu kathu kamatulutsa madontho 20 pa mililita imodzi, ndiye madontho onse ndi 10,000, ndipo ukawagawa ndi mphindi 480 umapeza 21 pa mphindi. Mmodzi anawerengera n'kupeza 42. Winayo anayang'ana pepalalo n'kuvomereza kuti zili bwino. Tinali titagawa ndi mphindi za maola 4, ndipo palibe anaona.

Cha m'ma 4 koloko asisita oyang'anira wodi anadutsa pa bedi lija ndi tochi yawo, n'kuima. Botolo linali litafika kale pakati. Anatseka dripiyo, anamvetsera pachifuwa pa mayiwo, anaitanitsa adokotala. Mulungu anatichitira chifundo, madzi anali asanayambe kudzaza m'mapapo. Zitakhazikika anatitengera pambali. Timayembekezera kuti atifunsa ngati masamu tinaphunziradi, koma funso lawo linali lina.

"Ana anga, mwadzuka nthawi yanji?"

"6 koloko ya m'mawa, asisita. Koma sitinatope ayi."

Anatiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenaka anangoti tikalembe zonse m'buku monga zachitikira.

Chimene chinatisautsa masiku otsatira n'choti sitinaname. Sitimamva kutopa. Maso anali otseguka, miyendo imayenda, timalankhula zomveka. Ndiye chinalakwika chinali chiyani, ndipo chinalakwikira pati?

Patatha milungu itatu, gulu lathu linapita ku chipatala china chachikulu, kumene tinaonerera akupima mnyamata wa zaka 12 wodwala khunyu pogwiritsa ntchito makina otchedwa EEG. Makinawa amajambula timagetsi ta mu ubongo. Maselo a ubongo amatumizirana uthenga kudzera m'timagetsi ting'onoting'ono, ndipo maselo ambirimbiri akamagwira ntchito mogwirizana, timagetsito timafika mpaka pakhungu la m'mutu. Timakhala tofooka kwambiri. Batire ya tochi ili ndi mavoti 1.5, pamene timagetsi timeneti amatiyeza m'tizigawo ta voti imodzi yogawidwa ka 1,000,000. Woyamba kutijambula mwa munthu anali Hans Berger, dokotala wa matenda a maganizo wa mu mzinda wa Jena ku Germany, mu 1924, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1929.

Bambo oyendetsa makinawo anamata timawaya pafupifupi 20 pamutu pa mnyamatayo. Pakompyuta panayamba kuyenda mizere yonjenjemera. "Tseka maso, mwanawe," anatero. Nthawi yomweyo mizere ya kumbuyo kwa mutu inasintha, n'kukhala mafunde ooneka bwino, otsatizana mwadongosolo ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino. Anatiuza kuti amenewo ndi mafunde a alpha, amene amabwera maulendo 8 mpaka 13 pa sekondi munthu akakhala maso koma wapumula. Mnyamatayo atatsegula maso, mafundewo anabalalika. Anamuuza kuti atsekenso n'kukhala phee. Patapita mphindi zingapo alpha anayamba kudukaduka, m'malo mwake n'kubwera mafunde oyenda pang'onopang'ono otchedwa theta, a maulendo 4 mpaka 7 pa sekondi. Bambowo anatilozera ndi cholembera, n'kunong'ona kuti mwanayo wayamba kulowa m'tulo. Atamutchula dzina anadzidzimuka.

"Unagona eti?"

"Ayi, sindinagone."

Tinayang'anana. Yankho lake linali lathu lomwe lija la mu wodi, ndipo nayenso samanama. Kusiyana kwake kunali koti iye anali ndi mboni pamutu.

Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kufufuza nkhaniyi ku laibulale ndi pa intaneti, ndipo tinapeza kuti vuto lathu ndi lakale. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a ndege za Britain amene amayang'ana radar posaka sitima zapansi pa madzi za adani amaphonya zizindikiro akakhalitsa pa ntchitoyo. Katswiri wina, Norman Mackworth, anapanga wotchi yopanda manambala, ya muvi umodzi wodumpha kamodzi pa sekondi. Mwa apo ndi apo muviwo umadumpha mtunda wowirikiza, ndipo ntchito ya munthu inali kudina batani akaona zimenezo, kwa maola awiri. Zotsatira zake, zimene anafalitsa mu 1948, zinaonetsa kuti pakangotha mphindi 30 zoyamba anthu amayamba kuphonya kwambiri. Sanali aulesi. Kukhala tcheru pa chinthu chimodzi chosasinthasintha kumatha mphamvu msanga kuposa mmene timaganizira. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi dripi, wotchi ili m'manja, akuwerenga madontho pakati pa usiku, wotchi ya Mackworth akuidziwa.

Mackworth amangowerenga zophonya, kutanthauza kuti amadziwa za kutopa cholakwika chitachitika kale. Ofufuza a masiku ano amafuna kukuona kutopako kukubwera, ndipo apa ndi pamene makina aja akulowera. Pali zinthu ziwiri zimene amayeza. Choyamba ndi kulemera kwa ntchito ya m'mutu. Munthu akamasunga zinthu zambiri m'maganizo nthawi imodzi, monga powerengera masamu pamtima, mafunde a theta amakula chapakati pamwamba pa mphumi, pamene a alpha amachepa chakumbuyo kwa mutu. Ntchito ikamalemera, kusinthako kumakulanso. Chachiwiri ndi kutha kwa tcheru. Munthu akakhalitsa pa ntchito yobwerezabwereza, kapena akakhala ndi ngongole ya tulo, mafunde oyenda pang'onopang'ono amayamba kuchuluka m'mbali zambiri za mutu, ndipo munthuyo amachedwa kuyankha. Nthawi zina amagona kwa masekondi ochepa chabe, osadziwa kuti wagona. Mu 2011 ofufuza a pa University of Wisconsin ku America anaonetsa kuti makoswe akakhalitsa osagona, timagulu tina ta maselo a ubongo wawo timazima kwa kanthawi ngati tili m'tulo, khosweyo ali maso, akuyenda, ndipo pa nthawi zoterezo amalakwitsa kwambiri ntchito imene anaphunzitsidwa.

Palinso njira ina yotchedwa fNIRS, imene ife a zachipatala sitivutika kuimvetsa chifukwa ndi m'bale wake wa kachipangizo kamene timapanitsa pachala cha wodwala poyeza mpweya wa m'magazi. Amawalitsa kuwala kosaoneka ndi maso kudutsa pakhungu ndi fupa la mutu, n'kuyeza kumene kwabwerera. Mbali ya ubongo imene ikugwira ntchito yolemera imaitanitsa magazi ambiri okhala ndi oksijeni, ndipo magaziwo amasintha kuchuluka kwa kuwala kobwererako. Frans Jöbsis ndiye anaonetsa mu 1977 kuti kuwala kotere kungathe kulowa m'mutu. Njirayi imachedwerapo ndi masekondi angapo chifukwa magazi sathamanga ngati magetsi, koma yayesedwa pa anthu otsogolera ndege ali pansi, amene ntchito yawo imalemera ndege zikachuluka m'mlengalenga. Ndipo mu 1995, Alan Pope ndi anzake a ku NASA anapanga makina owerenga EEG ya munthu nthawi yomweyo, amene amamubwezera ntchito m'manja akaona kuti chidwi chake chikuzirala, n'kumulandirako chidwicho chikakwera.

Koma kafukufuku amene anatikhudza kwambiri sanali wa timawaya. Mu 2003, Hans Van Dongen, David Dinges ndi anzawo a pa University of Pennsylvania anafalitsa zimene anapeza atagoneka anthu maola 4, 6 kapena 8 usiku uliwonse kwa masiku 14. Ogona maola 6 kapena ocheperapo amaipiraipira tsiku ndi tsiku pa mayeso a tcheru, mpaka kufanana ndi anthu amene achezera usiku umodzi kapena uwiri osagona n'komwe. Koma akawafunsa mmene akumvera, amati tulo akumva pang'ono chabe. Ubongo umatsika, mwini wake n'kumati wazolowera. Ndi angati mwa ife ku hositelo amene timadzitama kuti maola 5 amatikwanira?

Kenaka tinapeza za Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia, za mu 1997. Iwo anafanizira anthu osagona ndi anthu omwa mowa pa ntchito yofuna maso ndi manja. Munthu amene wakhala maso maola 17 amagwira ntchitoyo ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, womwe ndi malire oyendetsera galimoto m'dzikolo. Pofika maola 24 amafanana ndi wa 0.10 peresenti. Tinawerengetsa pa zala. Kuchokera 6 koloko m'mawa kufika 2 koloko usiku ndi maola 20. Ife amene tinakulira m'makalasi a Pathfinder, amene sitinalawepo mowa chibadwire, amene timakana ngakhale khofi, tinaima pa bedi la mayi odwala mtima tili ngati anthu ochokera kumowa. Mnzathu akanalowa mu wodi akununkha kachasu tikanamutulutsa tonse. Koma wochezera mabuku timamutamanda kuti ndi wakhama, ndipo ena timamubwereka beseni loti aviikemo mapazi m'madzi ozizira kuti asasinze.

Titafika apa, mmodzi wa ife anati yankho lapezeka: namwino aliyense wa usiku azivala kachipangizo kotere, kazilira ubongo ukayamba kuzima. Si maloto. Kampani ya ku Australia yotchedwa SmartCap inapanga kalamba ka EEG kolowetsa m'chipewa, kamene oyendetsa zimagalimoto za m'migodi amavala kuti kawachenjeze tulo tikamayandikira. Pa ntchito imene kusinza kwa masekondi atatu kungaphe munthu, ndani angakane mboni yotere?

Wina mwa ife anakana, ndipo mtsutso wake unatitengera madzulo awiri. Poyamba anati makinawa sawerenga maganizo. Kuphethira kapena kukukuta mano kumatulutsa magetsi aakulu kuposa a ubongo, ndipo kumasokoneza mizere. Mafunde a munthu wina safanana ndi a mnzake, kotero makina amayenera kuyamba aphunzira mutu wa aliyense payekha. Theta amakwera munthu akalemedwa ndi ntchito, amakweranso akamasinza, ndiye kalamba ka timawaya tiwiri kapena titatu kangathe kusokoneza wolimbikira ndi wogona. Anatikumbutsanso za tsitsi lathu. Timawaya ta EEG timafunika kukhudza khungu, ndipo tsitsi lolimba, lopotana, limatikankhira m'mwamba, pamene tsitsi ndi khungu lakuda zimameza kuwala kwa fNIRS. Vutoli ndi lenileni moti ofufuza a pa Carnegie Mellon University anapanga timawaya tapadera tokhala pakati pa mizere ya tsitsi loluka. Chipangizo choyesedwa pa mitu ya anthu ena chikhoza kunamizira mutu wako.

Koma nkhawa yake yaikulu inali yoti zotsatirazo aziona ndani. Mu 2019 dziko linaona zithunzi za ana a sukulu ina ya pulayimale ya mu mzinda wa Jinhua ku China atavala timalamba ta EEG m'kalasi. Kalamba kalikonse kanali ndi kanyali pamphumi kosintha mtundu malinga ndi chidwi cha mwanayo, ndipo malikisi a chidwi amapita kwa aphunzitsi ndi makolo. Anthu atadandaula, akuluakulu a maphunziro anaimitsa. Mu 2021 dziko la Chile linasintha malamulo ake aakulu n'kuikamo chitetezo cha ntchito za ubongo wa munthu ndi uthenga wochokera mmenemo. Mnzathuyo anafunsa kuti, kanyali kakasonyeza kuti namwino watopa, pa wodi ya odwala 60 ndi anamwino awiri, amutumiza kukagona kapena amulembera kalata yomudzudzula? Chipangizo chomwecho chingakhale mnansi wokutsina khutu, chingakhalenso chikoti m'manja mwa bwana.

Sitinagwirizane mpaka lero ngati tingavale chipewa chotere. Koma mtsutsowo unatifikitsa pa lamulo limene taliloweza kuyambira ku Sukulu ya Sabata ya ana, n'kuliona mwatsopano. Lamulo lachinayi silifunsa ngati watopa. Dzuwa likalowa Lachisanu ntchito imaima, kaya ukumva mphamvu kaya ayi. Titadziwa kuti munthu wotopa ndiye womaliza kudziwa za kutopa kwake, tinamvetsa chifukwa chake kupuma sikunasiyidwe kuti tizisankha tokha malinga ndi mmene tikumvera. Tinaonanso kuti lamulolo limalankhula ndi mwini ntchito, n'kumuuza kuti antchito ake, mlendo ngakhale ziweto zake zipume. Choncho aliyense amene adzagwire muyezo wa ubongo wa mnzake, kaya ndi mphunzitsi kaya woyang'anira wodi, funso lake lilipo kale: akuyezera kuti munthuyo apume, kapena kuti amufinye?

Tivomerenso pano kuti Sabata timalisunga ngati ngongole. Tikangotseka Sabata Loweruka madzulo timathamangira mabuku mpaka tambala woyamba, kubweza maola amene tikuona ngati tataya. Mlungu wonse timagona maola 4 kapena 5, kenaka pa ulaliki wa 11 koloko mitu imayamba kugwa umodziumodzi. Atatimata timawaya m'tchalitchi muja, abusa akanaona theta wambiri. Timaseka nkhani ya Utiko, mnyamata amene anagwa pazenera la nyumba yosanja Paulo akulalikira mpaka pakati pa usiku, koma benchi lathu ndi lomwelo. Tsiku limodzi silingalipire ngongole ya mausiku 6. Eliya atathawira m'chipululu ali wotheratu, mngelo sanayambe ndi kumudzudzula. Anamupatsa chakudya ndi madzi, Eliya n'kugonanso, ndipo zokambirana zinabwera pambuyo.

Ife tilibe EEG ku hositelo, ndipo sitikuyembekezera kuiona mu wodi posachedwa. Ndiye tinapangana zinthu zinayi zosafuna magetsi. Tsiku loyamba ntchito ya usiku, masana timagona, mabuku timasungitsa kwa mnzathu. Powerengera mankhwala kapena dripi, wachiwiri amawerengera payekha pa pepala lake asanaone yankho la woyamba, chifukwa usiku uja sitinali mitu iwiri, unali mutu umodzi wotopa ndi wina wongovomereza. Powerenga timaimirira n'kuyendako pakatha mphindi 30 kapena 40, tisanafike poti maso akuyenda pa tsamba koma palibe chikulowa. Ndipo tinasiya kufunsana kuti "watopa?", popeza yankho lake timalidziwa kale. Timafunsa funso la asisita lija, chifukwa limayankhidwa ndi nambala.

Zimenezi zili ndi mtengo wake. Mmodzi wa ife fizi yake imachokera ku mbuzi ndi nandolo za amayi ake, ndipo usiku uliwonse umene amatseka buku 10 koloko, anzake a chipinda choyandikana akuwerengabe, amamva ngati akuba ndalama za amayiwo. Pa mayeso a mankhwala aja tonse tinakhoza, koma awiri sanapeze malikisi amene amafuna, ndipo palibe angatsimikize kuti kuchezera kukanawathandiza kapena kuwapweteka. Mlungu wa mayeso ukafika, pangano lathu limagwedezeka. Semesita ino taliswa kale kawiri.

Mayi aja anatuluka m'chipatala patatha masiku 5. Asisita anali atafotokozera mwana wawo wamkazi, amene amawadikirira, zonse zimene zinachitika, ife titaima pomwepo. Potsanzikana mayiwo anatigwira manja onse awiri, n'kunena kuti, "Ana anga, muzigonako. Ife tikagona pano timadalira maso anu."

Lolemba likubwerali awiri mwa ife tikuyambanso ya usiku, mu wodi ya ana. Kumeneko mankhwala amawerengera pa kilogalamu ya thupi, ndipo kadontho kamodzi kolakwika pa pepala kamasandutsa 1.0 kukhala 10. Mabuku tapereka kale kwa anzathu atatu aja. Mukatipeza pa khonde la hositelo masana a Lolemba tili ndi notsi m'manja, musatiyamikire. Tifunseni kuti tadzuka nthawi yanji.